Kusankha buku lalifupi la pharmacology lokonzekera mayeso a udokotala

Mu pharmacology, phunziro la mankhwala ndi momwe amagwirira ntchito m'thupi, mankhwala ndi ochuluka kuposa nthawi imene wophunzira ali nayo. Mabuku akuluakulu, monga la Goodman & Gilman kapena Basic and Clinical Pharmacology la Katzung, lililonse lili ndi masamba opitirira 1,000. Ndi abwino mukafuna kuzama pa nkhani imodzi, koma mayeso akatsala milungu 6, pathology ndi microbiology nazonso zikukudikirani, simungawamalize. Apa m'pamene buku lalifupi limafunika. Koma dziwani kuti mabuku aafupi ali pawiri. Lina limafupika chifukwa wolemba anasankha bwino zofunika, lina limafupika chifukwa anachotsamo zifukwa zonse n'kusiya mayina okhaokha. Loyambalo mudzayenda nalo mpaka mu wodi. Lachiwirilo mudzaliloweza lero, mawa n'kuliiwala. Tsatani ndondomeko iyi musanatulutse ndalama.

1. Yambani mwaona mayeso amene mudzalembe

Musanapite kukafunsa mtengo wa buku lililonse, pezani zinthu ziwiri: ndondomeko ya phunzirolo imene aphunzitsi anapereka, ndi mapepala a mayeso a zaka 2 kapena 3 zapitazo. Khalani pansi ndi pensulo, funso lililonse muliike m'gulu lake. Lilipo lofunsa momwe mankhwala amagwirira ntchito m'thupi, lilipo lofunsa mavuto amene amabweretsa kapena momwe amasemphanirana ndi mankhwala ena, lilipo lokupatsani wodwala kuti mumusankhire mankhwala, ndiponso lilipo la masamu a mlingo. Mukamaliza mudzaona gulu limene likulemera.

Onaninso kayankhidwe. Ngati ambiri ndi MCQ, mafunso osankha yankho limodzi pa mayankho angapo, mukufunika buku lokuphunzitsani kusiyanitsa zinthu zofanana, monga magulu awiri a mankhwala okodzetsa, loop diuretic ndi thiazide, pa nkhani ya calcium: furosemide, wa gulu loyamba, amataya calcium mumkodzo pomwe hydrochlorothiazide, wa gulu lachiwiri, amamusunga. Ngati pali mafunso olemba ndime kapena oyankha pakamwa pamaso pa aphunzitsi, mukufunika buku lokhala ndi ziganizo zathunthu zoti mutha kufotokozera munthu.

Mayeso akusiyananso malinga ndi komwe muli. Wophunzira wa ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ku Blantyre, wa ku Malawi College of Health Sciences kapena wa ku University of Zambia (UNZA) ku Lusaka adzafunsidwa za malungo, TB ndi HIV mozama. Wokonzekera USMLE Step 1, mayeso a udokotala a ku America, adzafunsidwa kwambiri za ma receptor (malo a m'thupi amene mankhwala amagwirapo) ndi ma enzyme, m'mayina a mankhwala a kumeneko. Wopita ku Britain adzayesedwa kulemba mankhwala motsatira BNF (British National Formulary), buku la mankhwala la dziko limenelo. Buku limene mnzanu anakhoza nalo USMLE lingakhale labwino ndithu, koma linalembedwera mayeso ena.

2. Zindikirani mtundu wa buku limene mwagwira

Mabuku aafupi a pharmacology ali m'mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi nyengo yake.

Mtundu woyamba ndi wophunzitsa pogwiritsa ntchito zithunzi. Chitsanzo chodziwika ndi Lippincott Illustrated Reviews: Pharmacology. Kunena zoona si laling'ono kwenikweni, chifukwa masamba ake ndi mazana angapo, koma limawerengeka msanga ndipo mutu uliwonse umatha ndi mafunso. Munthu amene akukumana ndi phunziroli koyamba, kapena amene m'kalasi zambiri zinamudutsa, ayambire pamenepa.

Mtundu wachiwiri ndi wobwereza zimene munaphunzira kale. Katzung & Trevor's Pharmacology: Examination and Board Review ndi wa mtundu umenewu: mutu waufupi, tebulo la mankhwala, kenako mafunso ndi mayankho ofotokozedwa. Ndi labwino kwa amene ali ndi manotsi a m'kalasi ndipo akufuna kuwamanga pamodzi.

Wachitatu ndi wofupikitsitsa, monga Medical Pharmacology at a Glance la Michael Neal, momwe nkhani imayalidwa ndi chithunzi chimodzi chachikulu ndi mawu ochepa ofotokozera. Limathandiza m'masiku omaliza, kapena mukafuna kuona nkhani yonse pamodzi musanalowe m'kalasi. Paokha mabuku otere amachepa pa mayeso olemba ndime.

Pali mabuku awiri amene ophunzira amawayesa ophunzirira pomwe ntchito yake ndi ina. First Aid for the USMLE Step 1 ndi mndandanda wokumbutsa munthu zimene akudziwa kale. BNF ndi buku loyang'anamo mlingo ndi machenjezo polemba mankhwala, ndipo silikuuzani chifukwa chake mankhwalawo amachita zimene amachita. Onse ndi ofunika pa nthawi yake, koma musawasandutse mphunzitsi wanu.

Ine ndikafunsidwa ndimati: ngati mwatsala ndi miyezi 2 kapena kuposa, tengani la mtundu woyamba, ngati mwatsala ndi mwezi umodzi ndipo maziko mulinawo, tengani la mtundu wachiwiri.

3. Liyeseni bukulo pa mitu itatu

Ili ndiye gawo lofunika kuposa onse, ndipo limatenga ola limodzi lokha mu laibulale. Tengani mabuku awiri kapena atatu amene mukuwaganizira, muwaike pambali pa linzake, mutsegule mutu womwewo m'buku lililonse.

Yambani ndi autonomic nervous system, misempha yoyendetsa ziwalo zimene zimagwira ntchito zokha, chifukwa mankhwala a mtima, a mphumu, a maso ndi a chikhodzodzo amatsamira pamenepo. Fufuzani propranolol. Buku lofooka lingonena kuti musamupatse munthu wa mphumu, basi. Buku labwino likuuzani kuti propranolol amatseka receptor ya beta-1 ya mumtima pamodzi ndi beta-2 ya m'njira za mpweya, ndiye njirazo zimathina. Likuuzaninso kuti atenolol ndi bisoprolol amakonda beta-1, ngakhale kukondako kumachepa mlingo ukakwera. Mukagwira chifukwacho, simufunikanso kuloweza padera kuti mankhwala omwewa amabisa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kumene kumachenjeza wodwala shuga kuti shuga wake watsika. Mfundo imodzi yakupatsani mayankho a mafunso atatu.

Kenako pitani pa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, muone enalapril. Kodi bukulo likufotokoza kuti chifuwa chouma chija chimabwera chifukwa bradykinin amaunjikana enzyme ya ACE ikatsekedwa? Likanena zimenezi, mudzadziwa nokha chifukwa chake losartan, amene amatseka receptor osakhudza enzyme ija, kawirikawiri sakhosomoletsa. Onaninso ngati likuchenjeza momveka kuti mankhwala a magulu awiri onsewa sapatsidwa kwa mayi woyembekezera komanso amakweza potassium.

Mutu wachitatu ndi pharmacokinetics, wonena momwe mankhwala amalowera, kufalikira ndi kuchoka m'thupi, womwe mabuku ambiri aafupi amauthamangira. Muyenera kupezamo half-life (nthawi imene mankhwala amatenga kuti atsike ndi theka m'magazi), volume of distribution (kufalikira kwake m'thupi), clearance (kuchotsedwa kwake m'magazi) ndi bioavailability (gawo limene limafika m'magazi), chilichonse ndi chitsanzo cha manambala. Yesani ndi funso ili: mankhwala a half-life ya maola 8 akamaperekedwa mosadukiza, adzakhazikika liti m'magazi? Yankho ndi ma half-life 4 kapena 5, ndiye kuti maola 32 mpaka 40. Kodi bukulo lakupatsani njira yofikira pa yankho limeneli? Kodi lafotokoza kuti loading dose (mlingo waukulu woyambira) imadalira volume of distribution pomwe maintenance dose (mlingo wopitirizira) imadalira clearance, n'chifukwa chake wodwala impso timamuchepetsera yachiwiriyo? Kodi latchula phenytoin, amene chiwindi chimalephera kumuchotsa mofulumira mlingo ukafika pena pake, moti kuwonjezera pang'ono pokha kumatha kumupepesula wodwala khunyu? Ngati zonsezi zapanikizidwa pa tsamba limodzi la ma formula opanda chitsanzo, libwezereni pa shelefu.

Mukawerenga mutu uliwonse, tsekani bukulo, mufotokozere mnzanu kapena mulembe papepala zimene mwagwira. Buku limene lakusiyirani zambiri m'mutu litatsekedwa ndilo lanu, ngakhale anzanu onse atanyamula lina. Ena amagwira msanga ndi zithunzi, ena ndi matebulo, ena mpaka awerenge ndime yonse, ndipo zimenezi simungazidziwe pongomva kwa anthu.

Yang'ananinso kayalidwe ka magulu a mankhwala. Buku loyenera limatenga mankhwala amodzi oimira gulu lonse, kuwafotokoza mokwanira, kenako n'kunena mwachidule pamene enawo akusiyana nawo. Morphine akamveka bwino, codeine, pethidine ndi tramadol amangofunika mizere yochepa. Buku lopatsa mankhwala 12 a gulu limodzi malo ofanana silinakuchitireni ntchito yosankha, imene ndiyo mukuligulira.

4. Onani chaka, ndipo musakhulupirire chikuto chokha

Tsegulani tsamba lakumayambiriro muone chaka chimene linasindikizidwa. Momwe digoxin kapena penicillin amagwirira ntchito sizisintha, choncho buku lotsalira ndi edition imodzi likhoza kukuthandizani bwinobwino ndipo limatsika mtengo. Chimene chimasintha ndi malangizo a kachizidwe. Nazi njira zachangu zodziwira ngati buku lakalamba.

Pa mphumu, kuyambira 2019 bungwe la GINA, lopereka malangizo a mphumu pa dziko lonse, linasiya kulimbikitsa kuti akuluakulu ndi achinyamata azidalira salbutamol yekha. Limafuna kuti pakhale inhaled corticosteroid, mankhwala opumira ochepetsa kutupa m'njira za mpweya. Pa zilonda za m'mimba, ranitidine anachotsedwa pamsika m'maiko ambiri mu 2020 atapezeka ndi NDMA, chinthu chimene chikuganiziridwa kuti chingayambitse khansa. Pa mtima wolephera kupopa bwino, buku latsopano litchula dapagliflozin ndi empagliflozin, omwe anayamba ngati mankhwala a shuga. Pa HIV liyenera kuika dolutegravir patsogolo. Likamalankhula za stavudine ngati mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndi lakale kwambiri. Ndipo likamagawa mankhwala a amayi oyembekezera ndi zilembo A, B, C, D ndi X zokha, dziwani kuti FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inayamba kusiya njira imeneyi mu 2015.

Buku likalephera pa chimodzi mwa izi mutha kulikonza ndi pensulo m'mphepete. Likalephera pa zitatu, lisiyeni.

5. Mayina a mankhwala

Mabuku ambiri otchuka analembedwa ku America, ndipo mayina ena a kumeneko si amene mudzawaone pa botolo ku Queen Elizabeth Central Hospital kapena ku Kamuzu Central Hospital. Acetaminophen ndi paracetamol, albuterol ndi salbutamol, epinephrine ndi adrenaline, glyburide ndi glibenclamide, meperidine ndi pethidine, rifampin ndi rifampicin. Mabuku a ku Britain, monga a banja la Rang & Dale, amagwiritsa ntchito mayina amene tinawazolowera kuno. Ichi chokha si chifukwa chokanira buku la ku America. Lembani mayina awiriawiriwa kuseri kwa chikuto tsiku loyamba, ndipo pa mayeso muzilemba dzina limene aphunzitsi anu amagwiritsa ntchito. Chimodzimodzi ndi miyeso: shuga wa m'magazi akalembedwa mu mg/dL, gawani ndi 18 kuti mupeze mmol/L.

6. Pimani mpata umene bukulo lasiya pa matenda a kwathu

Apa mpofunika kunena mosabisa: palibe buku lalifupi lochokera kunja limene lingakukwanireni pa matenda amene amadzaza zipatala zathu. Tsegulani mutu wa malungo, wa TB, wa HIV ndi wa njoka za m'mimba, muwerenge masamba ake. Nthawi zambiri mudzapeza kuti ndi ochepa poyerekeza ndi a mankhwala a mafuta a m'magazi.

Tengani malungo. Malawi inali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba sulfadoxine-pyrimethamine (SP) mu 1993, ndipo mu 2007 inasamukira ku artemether-lumefantrine, amene aliyense amangoti LA. Mphunzitsi wa kuno adzafuna mudziwe kuti LA amamwedwa ka 6 pa masiku 3, kuti lumefantrine amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta kapena mkaka, kuti malungo aakulu amachizidwa ndi artesunate wobaya pa 2.4 mg/kg pa ola 0, 12 ndi 24, ndipo mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira 3 mg/kg. Adzafunanso mudziwe kuti SP akadali ndi ntchito yoteteza amayi oyembekezera. Buku lolembedwera wophunzira wa ku Chicago limatha kuthera mizere yake yambiri pa mankhwala oteteza alendo apaulendo.

Pa TB ndi HIV ndi pamene mafunso okoma amachokera, chifukwa odwala ambiri amamwa mankhwala a matenda onse awiri. Buku lililonse likuuzani kuti rifampicin amafulumizitsa ma enzyme a m'chiwindi. Ochepa ndi amene adzakufikitseni pa zotsatira zake mu kiliniki ya ART, ya mankhwala a HIV: munthu amene ali pa tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, omwe ku Malawi amatchedwa 13A, akayamba mankhwala a TB amawonjezeredwa dolutegravir wina wa 50 mg patatha maola 12. Rifampicin yemweyo amafooketsa mapiritsi olera ndi implanti. Dziwaninso za isoniazid ndi dzanzi la m'mapazi limene pyridoxine amaliteteza, ndi ethambutol amene amatha kuwononga maso.

Palinso cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi oyambitsidwa ndi fangasi. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitikira m'maiko 5 kuphatikizapo Malawi ndi Zimbabwe, anaonetsa mu 2022 kuti liposomal amphotericin B woperekedwa kamodzi pa 10 mg/kg, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, amagwira ntchito mofanana ndi njira yakale koma ndi mavuto ochepa, ndipo WHO inavomereza njirayi chaka chomwecho. Nkhani yochitikira m'mawodi athu omwewa, koma buku losindikizidwa chisanafike chaka chimenecho silingakhale nayo. Onaninso ngati bukulo lili ndi praziquantel wa likodzo pa 40 mg/kg, magnesium sulphate wa eclampsia (kukomoka kwa mayi woyembekezera) ndi calcium gluconate womuthetsa mphamvu akachuluka, komanso atropine wa munthu amene wamwa tameki kapena mankhwala ophera tizilombo m'munda.

Chochita n'chosavuta. Pambali pa buku lanu muike Malawi Standard Treatment Guidelines ya Unduna wa Zaumoyo, imene ilinso ndi mndandanda wa mankhwala ofunikira m'dziko muno, pamodzi ndi malangizo atsopano a malungo, TB ndi HIV. Ku Zambia ndi ku South Africa alinso ndi awoawo. Buku lalifupi likupatseni chifukwa, malangizo a dziko akupatseni mankhwala ndi mlingo. Pamene ziwirizi zikusemphana, funsani aphunzitsi chimene akuyembekezera pa mayeso, ndipo mulembe yankholo pa tsamba lomwelo. Chitsanzo ndi malungo m'miyezi 3 yoyambirira ya pakati: mabuku akale amati quinine ndi clindamycin, pomwe WHO mu 2022 inavomereza artemether-lumefantrine.

7. Mafunso, pepala kapena foni, ndi mtengo

Werengani mayankho a mafunso a m'bukumo. Yankho longoti "C" silikuphunzitsani kanthu. Funani lofotokoza chifukwa chake C ndi wolondola ndiponso chifukwa chake A, B ndi D ndi olakwika.

Pa nkhani ya pepala kapena foni, ganizirani za magetsi ndi maso anu. Tebulo la maantibayotiki silioneka bwino pa foni yaing'ono, ndipo foni imabwera ndi WhatsApp yake. Buku la pepala mumalembamo, ndipo limawerengeka ndi tochi magetsi akazima. Ma PDF oyenda m'magulu a kalasi nthawi zambiri amakhala a edition yakale kapena osowa masamba, kuwonjezera pa kuti ndi ophwanya malamulo a umwini. Musanagule, funsani ku laibulale ya sukulu yanu: akhoza kukhala ndi makope obwereketsa, ndipo sukulu za m'maiko ngati Malawi zimatha kupeza mabuku ndi magazini a zaumoyo pa intaneti kudzera mu Research4Life. Funsaninso amene ali m'chaka chapatsogolo panu. Buku logwiritsidwapo kale ntchito limatsika mtengo, bola muliyese ndi mafunso a pa nambala 4 aja. Osindikiza ena amatulutsanso international edition yotsikirako mtengo.

8. Lipatseni mlungu umodzi, kenako lekani kusakasaka

Mukasankha, ngati n'kotheka libwerekeni kaye kwa mlungu umodzi. Werengani mitu 3 kapena 4, ndipo pa mankhwala oimira gulu lililonse lembani mizere isanu m'mawu anu: momwe amagwirira ntchito, matenda amene amachiza, mavuto ake aakulu, amene sayenera kupatsidwa, ndi mankhwala amene amasemphana nawo. Phunziraninso michira ya mayina, chifukwa imakuuzani gulu ngakhale dzinalo likhale lachilendo: -olol, -pril, -sartan, -statin, -prazole. Pakutha pa mlungu, tengani mapepala a mayeso akale aja, muyankhe mafunso a mitu imeneyo buku litatsekedwa.

Mukakhoza ambiri, gulani bukulo ndipo musayang'anenso lina. Mayeso akamayandikira aliyense amabwera ndi buku limene akuti ndiye lenileni, ndipo wophunzira amapezeka ali ndi mabuku 4, lililonse atawerenga mitu iwiri yoyambirira. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kubwereza buku limodzi katatu kumapindula kuposa kulawa anayi, chifukwa pa ulendo wachitatu mumakumbukira ngakhale pamene tebulo lili pa tsamba.

Mukalephera ambiri, musathamangire kuimba mlandu bukulo. Onani funso lililonse limene mwaphonya, mufufuze ngati yankho lake linalimo. Ngati linalimo koma simunaligwire, chofunika kusintha ndi kawerengedwe kanu: chepetsani kuwerenga mobwereza, chulukitsani kudzifunsa mafunso. Ngati munalibe m'mafunso ochepa chabe, pitani ku laibulale mukatsegule Katzung wamkulu kapena Rang & Dale pa mfundo zokhazo, muzilembe m'mphepete mwa buku lanu. Koma ngati mayankho ambiri mulibemo, bwererani pa nambala 3 ndi buku limene linali lachiwiri pa kuyesa kuja, mulipatse nalonso mlungu wake nthawi ikadalipo.